Kiyi wa njinga ya moto akakana kutembenuka, musathamangire pulayala

MONGUE, Milange (Wolemba Mtolankhani Wathu)

Unali usiku wa mwezi wa Okutobala chaka chatha, nyengo ija kumatentha moti anthu amagona pakhonde, pamene mlongo wanga anayamba kumva zowawa za uchembere m'mudzi wina kunja kwa Mongue. Ine ndinali komweko kukacheza. Amai awiri achikulire anamutulutsa m'nyumba atamugwirira uku ndi uku, ndipo alamu anga anathamangira njinga yao ya moto imene inali pansi pa mtengo wa mango. Petulo analimo, matayala anali opopa bwino, batire nalo linali ndi moto. Koma atalowetsa kiyi, kiyi uja anakana kutembenuka.

Anayesa kawiri, katatu, koma osatheka. Thukuta lili kamukamu, anaitanitsa pulayala kuti apotokole kiyiyo mwamphamvu. Mwamwai panali nkhalamba ina yoyandikana nao nyumba, imene inagwirapo ntchito yokonza makina m'minda ya tiyi ku Mulanje. Inawagwira dzanja.

"Mwana wanga, tasiya chitsulocho. Ukathyola kiyiyo tichezera pompano. Tagwedeza mahandulo."

Alamu anagwedeza mahandulo aja uku ndi uku, dzanja lina likutembenuza kiyi pang'onopang'ono. Mosakhalitsa kiyi anagonja, magetsi nkuyaka. Kusanache mwana wamkazi anabadwa bwinobwino ku chipatala.

M'mawa mwake tinapita nayo njingayo kwa mekaniko wa pamsika, poti ngakhale inalira usiku uja, kiyi anali akulimbabe. Mekanikoyo atatsuka m'bowo la kiyi munatuluka zakuda bii zonanda ngati phula. Apo mpamene alamu anavomera kuti kwa miyezi ingapo akhala akuthiramo mafuta ophikira nthawi zonse kiyi akalimba.

Nkhaniyi ndailemba chifukwa vuto limene linatigwera usiku uja lili pa njinga zambiri kuno kumalire, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi osavuta.

Njinga ndiyo ambulansi yathu

Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu amene anathawira ku Malawi anabwerera kudzatsegulanso minda yao. Masiku amenewo chuma cha munthu wa ku Milange chinali njinga yakapalasa. Ndiyo inkanyamula matumba a chimanga kupita nao ku chipata cha Muloza, ndiyonso inkanyamula odwala. Patapita zaka, njinga za moto zotsika mtengo zochokera ku China ndi ku India zinayamba kufika, ndipo lero maina ngati Lifo, Lifan, Boxer ndi TVS akudziwika ndi mwana yemwe.

Mlimi akagulitsa nandolo kapena fodya, chimodzi mwa zinthu zoyamba kuganiza ndi "mota". Anyamata ambiri apeza ntchito yonyamula anthu, imene anzathu a kutsidya amati kabaza. Msewu wa Milange kupita ku Mocuba uli ndi phula, koma njira zolowera m'midzi ndi zafumbi m'chilimwe, zamatope m'dzinja, ndipo malo ena galimoto silifika. Motero njinga ya moto ndiyo basi yathu, ndiyo ngolo yathu, ndiyonso ambulansi yathu.

Eni njinga amasamala matayala, tcheni ndi oilo wa mu injini. Koma kabowo kolowetsa kiyi amakakumbukira tsiku limene kakana, ndipo tsikulo limakonda kukhala la ulendo wofunika.

M'kati mwa loko muli chiani?

Chimene timachitcha swichi kapena loko wa iginishoni, amakaniko ena amati canhão pa Chipwitikizi, chili ndi mbali zitatu. Kumtunda kuli kamgolo kolowa kiyi. M'kamgolomo muli tizitsulo tingapo topyapyala tondandana, ndipo kalikonse kamakankhidwa ndi kasipuling'i kakang'ono kwambiri. Kiyi akakhala kuti mulibe, tizitsuloti timatuluka m'mbali nkugwira khoma la loko, choncho kamgolo sikangazungulire. Kiyi woyenera akalowa, mano ake amakokera kachitsulo kalikonse pamalo pake, tonse nkufanana msinkhu, kamgolo nkumasuka. Kachitsulo kamodzi kokha kakakakamira ndi fumbi kapena dzimbiri, loko yense amakana.

Mbali yachiwiri ndi chitsulo chokiyira mahandulo. Mukatembenuzira kiyi pamene palembedwa LOCK, chitsulochi chimatuluka nkukalowa m'bowo la pa fulemu kuti wakuba asathe kuongolera njinga. Pa njinga zina loko wa mahandulo amakhala payekha, kunsi kwa khosi la njinga.

Mbali yachitatu ili pansi penipeni, pamene pamatuluka mawaya. Apa mpamene moto wa batire umalumikizidwa mukatembenuzira kiyi pa ON.

Wodziwa mbali zitatuzi savutika kupeza pamene pagona vuto. Tiyeni tsono tizione chimodzichimodzi, kuyambira chosavuta.

Yambani ndi mahandulo

Ngati njinga munaikiya mahandulo, kapena munaiimika potsetsereka, kapenanso ana anaikankha tayala lakutsogolo nkutsamira mwala, kulemera kwa njinga kumapanikiza chitsulo chokiyira chija m'bowo mwake. Zikatero kiyi sangathe kuchikoka. Izi ndi zimene nkhalamba ija inazindikira usiku uja.

Imikani njinga mowongoka. Gwirani handulo ndi dzanja limodzi nkuigwedeza pang'ono mbali zonse, uku dzanja lina likuyesa kiyi mofatsa. Pali malo amene chitsulocho chimapepukidwa, ndipo mudzamva kiyi akumasuka yekha. Kumbukiraninso kuti pa njinga zambiri kiyi amayenera kudinikizidwa pansi kaye asanatembenukire ku LOCK. Wobwereka njinga amene sakudziwa izi amaona ngati loko wafa pamene ali bwinobwino.

Kenaka yang'anani kiyi

Kiyi amapangidwa ndi chitsulo chofewa, kawirikawiri cha mtundu wa mkuwa, ndipo amatha ngati momwe limathera khasu. Wakabaza amene amaliza ndi kuzimitsa njinga kambirimbiri pa tsiku amamaliza mano a kiyi msanga kuposa mlimi amene amayenda pa tsiku la msika lokha.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati wolakwa ndi kiyi kapena loko. Pa njinga zambiri kiyi mmodzi yemweyo amatsegulanso chitseko cha thanki ya petulo. Muyeseni pamenepo. Akatembenuka bwino pa thanki koma nkumakana pa swichi, mlandu ndi wa swichi. Akamavuta monse muwiri, kaikirani kiyi. Ngati muli ndi kiyi wachiwiri amene anabwera ndi njinga, ayikeni pamodzi muwayang'ane padzuwa. Mudzaona kuti mano a wakale aja ndi obulungira pamene a mnzakeyo ndi akuthwa.

Mugonekeninso kiyiyo pa tebulo kapena pa galasi. Ngati wapindika adzaonekera. Kiyi wopindika pang'ono angathe kuongoledwa pomuika pakati pa matabwa awiri nkumenya mofatsa, koma amene waonetsa mng'alu pakhosi pake watha ntchito, ndipo tsiku lililonse angathyokere m'kati.

Podulitsa kiyi wina, pitani ndi kiyi wachiwiri uja amene sanagwire ntchito kwambiri. Makina odulira amangotsanzira chimene mwawapatsa, choncho kiyi wotha amabala mnzake wotha. Chinanso, musamangirire makiyi a nyumba, a nkhokwe ndi a golosale pa kiyi wa njinga. Chimtolocho chikamalendewera ndi kugwedezeka m'mabampu, chimadya kiyi ndi tizitsulo ta m'kati timene.

Mdani wamkulu ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta

Mahandulo akakhala omasuka, kiyi naye ali bwino, ndiye kuti m'bowo muli zinyalala. Kuno kwathu sitisowa kufunsa kumene zimachokera. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi limalowa paliponse. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kumabwera mvula yowaza ija ya chiperoni, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'boma lathu lomwe lino. M'dzinja madzi amagwera molunjika m'bowo popeza limayang'ana kumwamba. Amene njinga zao zinamira m'madzi ndi m'matope nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti ngakhale injini itatsukidwa, loko amatsala ndi mchenga. Enanso amathira madzi m'bowomo okha potsuka njinga kumtsinje.

Kiyi akayamba kulimba, ambiri amachita zimene anachita alamu anga: kudonthezamo mafuta ophikira, oilo wakuda wochotsedwa mu injini, kapena girizi. Tsiku loyamba kiyi amayendadi bwino, mwini wake nkumati wapeza nzeru. Koma mafuta amagwira fumbi lililonse lolowa, ndipo mafuta ophikira akakhalitsa padzuwa amauma nkusanduka ulimbo. Tisipuling'i tija mphamvu zake ndi zochepa, sitingathe kukankha kachitsulo komatidwa ndi ulimbo. Mwini njinga amaonjezeranso mafuta ena, vuto nkumakulirakulira.

Katsukidwe kake

Zimitsani njinga, injini izizire, ndipo pafupi pasakhale moto kapena munthu wosuta fodya. Choyamba tengani pampu ya njinga yakapalasa mupopere mpweya m'bowo kuti fumbi louma lituluke.

Kenaka pafunika chosungunulira zonanda zija. Chabwino koposa ndi mankhwala opopera a m'chitini otsukira zida zamagetsi, amene amauma osasiya mafuta. Ngati palibe, madontho ochepa a sipiriti amathandiza popeza nayenso amauma msanga. Ambiri amadziwa WD-40, amene anayamba kupangidwa ku America mu 1953 ndi cholinga chothamangitsa chinyezi pa zitsulo. Ameneyu ndi wabwino pomasula loko wa dzimbiri kapena wolowa madzi, koma amasiya timafuta pang'ono, choncho kuno kwa fumbi muzimugwiritsa ntchito ngati chotsukira basi. Petulo ai: amayaka msanga, amaononganso mapulasitiki a m'munsi mwa swichi.

Mukathira, lowetsani kiyi ndi kumutulutsa kambirimbiri, nthawi iliyonse nkumamupukuta ndi kansalu koyera. Poyamba kansaluko kadzada bii. Pitirizani mpaka kiyi azituluka woyera. Mukatero poperaninso mpweya, nkuisiya njinga padzuwa kuti m'bowo muume gwa. Musatokose m'katimo ndi msomali kapena waya, mungapinde tizitsulo tija.

Mankhwala ali m'chikwama cha mwana wasukulu

Loko akauma amafuna chomufewetsa chosagwira fumbi. Chinthucho ndi girafaiti, amene pa Chipwitikizi amati grafite. Ndi mwala wakuda woterera umene dziko lathu lili nao wambiri. Ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado, mgodi waukulu unayamba kutulutsa mwalawu mu 2017. Koma inu simusowa kupita ku Balama. Kamtima kakuda ka pensulo kamapangidwa ndi girafaiti wosakaniza ndi dongo. Pensulo yofewa, yolembedwa 2B kapena 4B, ili ndi girafaiti wambiri kuposa ya HB, ngakhale ya HB nayo imathandiza pakasowa ina.

Pakani pensuloyo pa mano a kiyi ndi m'mizere yake, mbali zonse ziwiri, mpaka kiyi ade. Mulowetseni, mutembenuze uku ndi uku, mutulutse, mupakenso. Mukachita katatu kapena kanai mudzamva kusintha.

Pali machenjezo awiri. Loyamba, musaike girafaiti m'bowo lomwe muli mafuta, chifukwa ziwirizi zikakumana zimapanga phala lolimba kuposa loyamba lija. Tsukani kaye. Lachiwiri, musaperere pensulo yonse nkuthira ufa wake m'bowo. Girafaiti amadutsa magetsi, ndipo akachuluka nkufika pansi pamene pali mawaya angabweretse vuto lina. Wopaka pa kiyi yekha ndi wokwanira.

Kiyi akathyokera m'kati

Izi zimachitika kwa amene anagwiritsa ntchito pulayala. Zikakuonekerani, musalowetse chidutswa chotsala m'manjacho pofuna kukankha chinzake, chifukwa mukungochilowetsa m'kati. Musayesenso kumata ndi guluu. Guluu akadonthera pa tizitsulo tija, loko watha basi.

Kiyi amatuluka pokhapokha kamgolo kakhala pa OFF kapena pa LOCK. Ngati anathyokera pakati pa njira, bwezerani kamgoloko mofatsa ndi nsonga ya sikuludiraiva yaing'ono. Kenaka tengani kachidutswa kopyapyala ka sowo yodulira zitsulo, kapena mbedza ya nsomba yoongoledwa pang'ono, mulowetse m'mbali mwa chidutswacho kuti mukole dzino limodzi, nkukoka pang'onopang'ono. Zikakanika, kankhirani njinga kwa mekaniko. Zidutswa ziwirizo musataye, wodula makiyi angathe kuonerapo.

Kudula mawaya si kukonza

Loko akavutitsa, alipo amene amangodula mawaya kumbuyo kwa swichi nkuwalumikiza ndi manja, kapena kuikapo kaswichi ka nyali ya m'nyumba. Njinga imaliradi, koma taonani zimene mwagula nazo.

Pa njinga zing'onozing'ono zambiri, ntchito ya swichi ikakhala pa OFF ndi kupha moto wopita ku pulagi. Waya wake akadulidwa, aliyense woponda kiki angathe kuiliza njingayo. Mwaisiya pa msika, pa tchalitchi kapena pa chipatala ili chitsegukire, ndipo kuno kumalire njinga yobedwa sichedwa kuoloka.

Chachiwiri, mawaya opotokola ndi manja nkukulunga ndi pepala la pulasitiki amakhudzana ndi fulemu njinga ikamagwedezeka. Mwai ukakhalapo imapsa ndi fyuzi yokha. Koma pa njinga zimene fyuzi inalowedwa m'malo ndi waya wamba, moto umayenda m'mawaya onse, ndipo mawayawo amadutsa pansi pa thanki ya petulo.

Chachitatu, wapolisi wa pamsewu kapena wa pachipata akaona njinga yolira popanda kiyi, kapena loko wobooledwa ndi sikuludiraiva, chimene amayamba kuganiza ndi chakuti njabedwa. Ngakhale muli ndi livrete ndi mapepala onse, mudzataya nthawi yofotokoza, katundu ali padzuwa.

Nthawi yogula swichi yatsopano

Pali zizindikiro zosonyeza kuti kutsuka sikuthandizanso. Kiyi akamatuluka yekha njinga ikuyenda, kapena kiyi wa njinga ina akamatsegula yanu, tizitsulo ta m'kati tatha. Kiyi akamatembenuka bwino koma magetsi osayaka mpaka mutamugwedeza, kapena njinga ikamazima yokha m'mabampu, vuto lili pansi polumikizira moto. Apa yambani mwaona fyuzi ndi mitu ya batire musanaweruze swichi.

Pokagula ina, kaya ku Milange kaya kutsidya, nyamulani yakaleyo. Maswichi amafanana maonekedwe koma amasiyana chiwerengero cha mawaya, kapangidwe ka cholumikizira ndi malo a mabauti. Kawirikawiri amagulitsidwa pamodzi ndi chitseko cha thanki kuti kiyi akhale mmodzi. Yesani makiyi onse awiri muli m'sitolo momwemo. Pomanga, chotsani kaye waya wa batire. Njinga zina zili ndi mabauti odula mitu amene anaikidwa dala kuti wakuba avutike, ndipo amenewa asiyireni mekaniko. Pomaliza, kiyi wachiwiri musayende naye. Musungeni kunyumba pamodzi ndi mapepala a njinga, pamalo podziwika ndi mai a kunyumba.

Mvula isanagwe

Loko sakana mwadzidzidzi. Amayamba wachenjeza kwa masabata: lero kiyi walimba pang'ono, mawa afuna kugwedeza, mkuja afuna manja awiri. Tsiku loyamba lomwelo ndilo lofunika kumutsuka, dzuwa likuwala, opanda wodwala wodikira pakhomo.

Njinga izigona m'nyumba kapena pakhonde. Ikakhala panja, vindikirani bowo la kiyi ndi kachidutswa ka chubu chakale kapena chitsekerero cha botolo. Ngati swichi yanu ili ndi kachitseko kake, muzikatseka. Potsuka njinga, madzi asalunjike pamenepo. Ndipo kawiri pa chaka, fumbi likamayamba ndi pamene mvula yayandikira, poperani mpweya m'bowo nkupaka kiyi pensulo.

Alamu anga anasiya kuthira mafuta ophikira. Kiyi wachiwiri amasunga ndi mlongo wanga, ndipo kachidutswa ka pensulo kamakhala m'kabokosi ka zipangizo pambali pa batire. Inu amene kwanu kuli mai woyembekezera, nkhalamba yodwaladwala kapena mwana wamng'ono, pitani pa njinga yanu lero lomwe mukayese kiyi. Akalimba, mwadziwa poyambira.